Tionere chiyani pa intaneti pamene apongozi ndi ana ali pabalaza pomwepo?

Mayi wina wa ku Vila Ulongwe, m'boma la Angónia, walemba motere: "Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Moatize anatigulira TV yolumikiza ku intaneti ndipo anatilipirira Netflix. Pakhomo tilipo ine, abambo akunyumba, apongozi anga aakazi ndi ana atatu, wamkulu wa zaka 15, wamng'ono wa zaka 7. Tsiku loyamba tinasankha sewero limene linali pamwamba penipeni, koma tisanapite patali panatuluka zamaliseche, apongozi anangodzuka n'kukalowa kuchipinda. Manyazi ake mpaka lero. Mamega nawonso anatha masiku atatu okha. Chingerezi amachimva ndi mwana wamkulu yekha, Chipwitikizi timamva tonse kupatula apongozi amene amangotolako apa ndi apo. Kodi alipo masewero oti n'kuonera banja lonse, kapena tingosiya tibwerere ku manovela a pa TV wamba?"

Mayi, poyamba ikani mtima m'malo. Apongozi anu akudziwa kuti simunachitire dala, ndipo kudzuka kwawoko kunali kukupatsani ulemu inu ndi mwana wawo. Ndakhala zaka zambiri ndikumanga madishi ndi kulumikiza ma TV m'makomo a anthu kuno ku Tete, ndipo kale ndinkayendetsa kanyumba koonetsa mafilimu, choncho ndaona pafupi zimene anthu amakhalira pansi ndi zimene amazithawa. Dandaulo lanuli ndimalimva kawirikawiri m'nyumba zimene zangoyamba kumene kuonera pa intaneti. Masewero abwino alipo, ena mwa iwo okoma kuposa manovela amene munazolowera, ndiye musafulumire kusiya. Chofunika n'chakuti musankhe poyang'ana anthu amene akhala pabalaza ndi chiyankhulo chimene akumva, osati poyang'ana zimene TV yakuikirani patsogolo.

Chimene chinakupwetekani ndi mndandanda wa pamwamba uja. Netflix inafika ku Mozambique mu Januwale 2016, tsiku limene inatsegulidwa m'maiko 130 nthawi imodzi, ndipo amene anaipanga sankaganizira za nyumba imene mpongozi ndi mtengwa akhala chogundana maondo. Mndandanda wa masewero 10 otchuka umangowerenga kuti ndi ati aonedwa kwambiri masiku amenewo. Sufunsa ngati woonerayo anali yekha kuchipinda ndi foni, kapena anali ndi ana ndi agogo awo. Pa TV wamba pali anthu kusiteshoni amene amagamula kuti ichi chipite masana, ichi chidikire usiku. Apa ntchito imeneyo yagwera inuyo, ndipo ndi ntchito ya madzulo amodzi basi ngati mwaigwira bwino.

Akaunti imodzi imalola mapulofayilo mpaka 5, ndiye kuti makomo olowera osiyanasiyana, lililonse ndi dzina lake ndi malire ake. Tsegulani imodzi ya ana, imene imangoonetsa zoyenera msinkhu wawo. Ina ikhale ya banja lonse, ndipo muiikire malire a zaka 13, kuti chilichonse cha 16+ ndi 18+ chisamaoneke n'komwe. Yachitatu ikhale ya inu ndi abambo, yotsekedwa ndi nambala yachinsinsi ya manambala 4 imene ana sakuidziwa. Zimenezi zimakonzedwa mukalowa mu akaunti ndi pasiwedi, choncho mwina mufunika kuimbira achimwene anu kuti muchitire limodzi. Sewero lililonse lilinso ndi chizindikiro cha zaka pafupi ndi dzina lake, ndipo likamayamba pakona ya m'mwamba pamatuluka timawu tofotokoza ngati muli nkhanza, kutukwana kapena zogonana. Anthu ambiri timawuti satiwerenga chifukwa timazimiririka msanga. Langizo limene ndimapatsa aliyense ndi ili: gawo loyamba la sewero latsopano muzilionera nokha pa foni, mukulumphalumpha, musanaliike pamaso pa akuluakulu.

Tsopano chiyankhulo. Masewero ambiri otchuka a Netflix ali ndi mawu a Chipwitikizi cha ku Brazil, chomwe chija munachizolowera m'manovela. Sewero likamaseweredwa, pezani pamene pali "Áudio e legendas" musankhe Português pa mawu omveka, osati pa olembedwa okha. Mawu olembedwa m'munsi sathandiza mwana wa zaka 7, ndipo munthu wamkulu amene maso ayamba kufooka amatopa nawo gawo lisanathe. Ngati Chipwitikizi sichikuoneka, sinthani chiyankhulo cha pulofayiloyo chikhale Português, mayina a masewerowo nawonso asintha. Koma si sewero lililonse lili ndi mawu amenewa, makamaka ochokera m'maiko a mu Africa muno, ndiye muziyang'ana kaye.

Za apongozi ndaonapo ichi m'makomo ambiri: munthu wamkulu safuna kumva liwu lililonse kuti atsatire nkhani, bola nkhaniyo ikhale ya zinthu zimene amazidziwa. Ukwati, maliro, munda, mwana wopita kutali, mkangano wa pachibale, izi amaziwerenga pankhope za osewera. Chimene chimawataya ndi nkhani za akazitape, za makampani ndi za apolisi, zimene zonse zili m'mawu. Muziimitsa sewero apa ndi apo, mwana wamkuluyo afotokozere agogo ake m'Chichewa. Mudzadabwa kuti nthawi zina iwo ndi amene adzayambe kuona kumene nkhani ikulowera.

Kuti muwabweze pabalaza, yambani ndi chinthu chimene adzamve okha popanda womasulira. Si sewero la magawo koma filimu ya maola osakwana awiri, The Boy Who Harnessed the Wind, imene m'Chipwitikizi imalembedwa O Menino que Descobriu o Vento. Inatuluka mu 2019 ndipo ndi nkhani yoona ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ku Malawi, mnyamata amene anachotsedwa sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina oyendera mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Mbali yaikulu amalankhula Chichewa. Osewera ena si Achewa ndipo lilime lawo limalemera, apongozi adzaseka, koma fodya, chimanga, gule wamkulu ndi nkhokwe yopanda kanthu adzazidziwa zonse. Iyi musaisinthire ku Chipwitikizi, isiyeni ndi mawu ake enieni. Muli malo a njala owawa mtima, choncho wamng'onoyo akhale pafupi nanu.

Mukatero, sewero limene ndikuliika patsogolo pa onse pa nyumba ngati yanu ndi la ku Korea, When Life Gives You Tangerines, kapena Se a Vida Te Der Tangerinas. Linatuluka mu Malichi 2025, lili ndi magawo 16, lililonse pafupifupi ola limodzi, ndipo nkhani yake imatha, siikusiyani m'malere. Musaope kuti ndi la kutali. Likutsata moyo wa mtsikana wotchedwa Ae-sun wa pachilumba cha Jeju, kuyambira ali mwana m'zaka za m'ma 1960 mpaka atakalamba. Mayi ake ndi mmodzi mwa akazi amene amamira m'nyanja popanda zida zopumira kuti atole nkhono zogulitsa, ndipo amagwira ntchito yoopsayo ndi cholinga chimodzi, chakuti mwana wawo asadzaigwire. Mtsikanayo ndi wanzeru, amafuna kukhala wolemba ndakatulo, koma umasiye ndi umphawi zimamufikitsa pogulitsa kabichi pamsika. Pambali pake pamakhala mnyamata wogulitsa nsomba, Gwan-sik, wosalankhulalankhula, amene amamukonda kuyambira ubwana.

Chimene ndimalikondera n'chakuti silithamangira chuma chodzidzimutsa kapena chinsinsi cha mwana wosinthidwa kuchipatala ngati manovela ambiri. Limaonetsa zinthu zazing'ono zimene aliyense wa kuno amazidziwa. Pali nkhani ya chakudya, kuti ndani pakhomo amapatsidwa nsomba yabwino ndipo ndani amadya zotsala. Pali mtengwa amene akuvutika pakhomo pa eni, ndi mwamuna amene akuyenera kusankha kuima ndi mkazi wake kapena kukhala chete pamaso pa makolo. Kenako pali mwana wawo wamkazi amene wapita ku yunivesite ku Seoul, makolo akudzimana chilichonse kuti aphunzire, iye n'kumawakalipira pa telefoni chifukwa cha manyazi ndi chisoni zimene sakutha kuzinena. Kholo lililonse limene linagulitsapo matumba a mbatata ya kachewere kapena ng'ombe kuti mwana akaphunzire ku Tete, ku Beira kapena ku Nampula lidzadziona pamenepo. Za apongozi ankhanza zilimo, ndipo mwina mungaope kuti zidzaoneka ngati mukuwanena anu, koma seweroli limaonetsanso kuti nawo anali atengwa tsiku lina, ndipo ndaona nkhani imeneyi ikutsegula kucheza kumene kunali kosatheka. Zamaliseche mulibe, ngakhale muli malo ochepa a chikondi cha achinyamata. Chenjezo langa ndi limodzi: muli imfa ya mwana wamng'ono, yoonetsedwa mokhudza kwambiri. Ngati pakhomo panu panagwa zotere posachedwa, liyambeni mwakonzeka kapena lidikire.

Lina la ku Korea ndi Extraordinary Attorney Woo, kapena Uma Advogada Extraordinária, la 2022, magawonso 16. Ndi nkhani ya loya wachitsikana amene ali ndi autism (chibadwa chimene chimasiyanitsa mmene munthu amaganizira ndi kuchezera ndi ena), woleredwa ndi bambo ake okha, wodziwa malamulo pamtima koma wovutika kucheza ndi anthu. Pafupifupi gawo lililonse lili ndi mlandu wakewake, choncho ngakhale mutaphonya tsiku simutayika. Ili limadalira mawu kwambiri, apongozi angafune kufotokozeredwa, koma kwa ana asukulu ndi labwino zedi. Kuno mwana wobadwa mosiyana ndi anzake amanenedwa zambiri, ena mpaka kumubisa kuseri, ndipo ndimafuna ana athu aone munthu wotere akulemekezedwa pantchito.

Ngati ndinu banja lopemphera, onani The Chosen, sewero la moyo wa Yesu ndi ophunzira ake limene sizoni yake yoyamba inatuluka mu 2019. Lili ndi pulogalamu yakeyake ya pa foni imene mumaonera popanda kulipira kupatula mamega, ndipo Chipwitikizi chilipo. Apongozi nkhani zake amazidziwa kale kuchokera kutchalitchi, ndiye chiyankhulo sichiwavuta. Ingowauzani kuti olemba anawonjezera zokambirana ndi zochitika zimene m'Baibulo mulibe, kuti asamatsutsane ndi akatekisiti pa zimene aona pa TV. Wamng'onoyo mupezereni Supa Team 4 pa Netflix, zojambula za 2023 zimene anayambitsa Malenga Mulendema wa ku Zambia, za atsikana anayi a ku Lusaka amene amapulumutsa mzinda wawo. Ndi chinthu chabwino mwana kuona ngwazi zooneka ngati iye.

Tibwere ku zoonera inu akuluakulu ana akagona. Country Queen ndi sewero la ku Kenya la 2022, magawo 6 okha. Mtsikana amene anakhazikika ku Nairobi akubwerera kumudzi patapita zaka zambiri, n'kupeza kampani ya migodi ikufuna malo a anthu, abale agawanika, ena akufuna ndalama, ena akukakamira manda a makolo. Munthu wa ku Tete safunika kufotokozeredwa nkhani imeneyi, chifukwa tonse tikudziwa za mabanja amene anasamutsidwa ku Moatize kupita ku Cateme migodi ya malasha itayamba kukula. Achimwene anu akabwera kutchuthi, lionereni limodzi.

Koma kwa inu a ku Angónia, limene ndikufuna mulifunefune ndi Shaka iLembe. Ili si la Netflix, ndi la MultiChoice, eni ake a DStv. Linayamba mu 2023 ndi magawo 12, sizoni yachiwiri inabwera mu 2025, ndipo Nomzamo Mbatha ndi amene amasewera ngati Nandi, mayi ake a Shaka. Likuonetsa maufumu a Amthethwa a Dingiswayo, Andwandwe a Zwide ndi Azulu pamene ankalimbirana mphamvu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Nkhondo zimenezo ndi zimene zinabalalitsa anthu kulowera kumpoto. Zwangendaba ndi gulu lake anawoloka Zambezi chakufupi ndi Zumbo, m'chigawo chathu chomwe chino, mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa. Angoni a Maseko anadzera njira yawo ndipo pambuyo pake anakhazikika ku Domwe, ndipo dzina la boma lanulo likuchokera kwa iwo. Mukamaona zishango, mikondo, nthenga za kumutu, khola la ng'ombe pakati pa mudzi ndi ulemu umene amapereka kwa mayi wa mfumu, mudzakhala mukuona kumene ngoma imene imavinidwa kwanuko inachokera. Amalankhula Chizulu, ndipo amene ali ndi agogo osunga mawu akale a Chingoni adzatolamo ena. Ndi sewero, si buku la mbiri, olemba anadzaza mipata ndi nzeru zawo. Ndipo ndinene mosabisa, muli magazi ambiri, akazi ovala mwamakedzana mabere ali pamtunda, ndi malo ena a kuchipinda. Si loonera ndi ana, ndipo si loonera ndi apongozi pokhapokha inu mwaliona kale ndipo mukudziwa polumpha.

Kumbali ya MultiChoice komweko kuli Mpali, la ku Zambia, limene linayamba mu 2018, la mlimi wolemera Nguzu ndi mitala yake, mmene Chinyanja chimamveka chosakanizika ndi Chingerezi ndi Chibemba. Kuli Maida, novela yopangidwa ku Mozambique konkuno imene inayamba ndi kanema wa Maningue Magic mu Januwale 2022, ya mtsikana wa kumudzi wopita kumzinda. Awiriwa ndi aatali kwambiri, oyenera dishi kuposa mamega. Pa intaneti, masewero a kampaniyi ankaikidwa pa mapulogalamu ake a Showmax ndi DStv Stream, koma kuchokera pamene Canal+ ya ku France inaitenga mu 2025 zinthu zikusinthasintha, choncho musanalipire funsani kwa wogulitsa DStv wovomerezeka kuti sewero mukulifunalo likupezeka pati panopa. Ndi Netflix yomwe, sewero limene lilipo lero likhoza kuchotsedwa, ndiye lembani dzina lake pofufuzira muone ngati likutuluka.

Pali limodzi limene ndikupempha inu ndi abambo mulione awiriwiri chifukwa cha mwana wa zaka 15 uja. Ndi Adolescence, kapena Adolescência, la ku Britain, la Malichi 2025, magawo 4. Mnyamata wa zaka 13 wamangidwa pomuganizira kuti wapha mtsikana wa kusukulu kwake, ndipo makolo ake, anthu abwinobwino ogwira ntchito molimbika, akuzindikira kuti sankadziwa chimene mwana wawo ankachita pa intaneti chitseko chili chotseka. Gawo lililonse linajambulidwa kamodzi popanda kudula, choncho mumakhala ngati muli m'chipindamo. Ndi lolemera ndipo muli kutukwana. Mukaliona, mudzaona nokha ngati mwana wanu wakhwima moti n'kulionera naye limodzi ndi kukambirana.

Anawo adzakuvutitsani ndi mayina amene amamva kusukulu. Squid Game ya 2021 imaoneka ngati masewera a ana chifukwa cha mitundu yowala ndi chidole chija, koma ndi anthu kuphedwa mwankhanza kuyambira gawo loyamba. Blood & Water, kapena Sangue e Água, la ku Cape Town la 2020, lili ndi nkhani yokoka ya mtsikana wofufuza m'bale wake amene anabedwa ali khanda, koma lili ndi zogonana, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo pakati pa ana asukulu. Sintonia la ku São Paulo ndi Rabo de Peixe la ku Portugal ndi a Chipwitikizi chenicheni ndipo anapangidwa mwaluso, koma ndi a akuluakulu. Kukhala sewero la ku Africa kapena la Chipwitikizi sikutanthauza kuti ndi la banja.

Chinanso muziyang'ana ngati nkhani inatha. Queen Sono, sewero loyamba la Netflix lopangidwa mu Africa, linatuluka mu Febuluwale 2020 ndi magawo 6, kenako sizoni yachiwiri inalephereka nthawi ya Covid-19, oonera n'kutsala ndi mafunso. Pamene palembedwa "minissérie" dziwani kuti nkhaniyo ili ndi mathero. Kwa munthu wowerengera mamega, amenewa ndiwo abwino.

Za mamega otha masiku atatu, chifukwa chake ndikuchidziwa. Mosakayika munalumikiza TV ku foni, ndipo TV ikaona intaneti imakoka chithunzi chapamwamba kwambiri chimene netiweki ingathe. Malinga ndi Netflix eni ake, chithunzi cha HD chimadya mpaka 3 GB pa ola, chapakati pafupifupi 0.7 GB, chotsika pafupifupi 0.3 GB. Werengani ndi sewero la magawo 16 lija: pa HD mukhoza kutaya mpaka 48 GB, pa chapakati pafupifupi 11 GB, pa chotsika pafupifupi 5 GB. Nkhani yake ndi yomweyo, misozi yake ndi yomweyo. Lowani mu akaunti, pa pulofayilo iliyonse payokha, musinthe kagwiritsidwe ntchito ka data kuchoka pa "automático" kupita pa chapakati. Pa TV yosakula kwambiri chapakati chimaoneka bwino ndithu. Pomwepo zimitsani zinthu ziwiri: tizidutswa timene timayamba kusewera tokha mukamafufuza, ndi kuyamba kokha kwa gawo lotsatira. Nyumba zambiri mamega amathera usiku, onse atagona pampando TV ikupitiriza yokha.

Pa foni n'kotchipa koposa, chifukwa mukasankha kusunga data 1 GB imafika pafupifupi maola 6. Foni imathanso kutsitsa magawo n'kuwasunga, ngakhale pa memori khadi ngati ndi Android, pamene TV siisunga. Funsani ku Vodacom, Movitel kapena Tmcel za phukusi la mwezi kapena lausiku, ndipo dziwani kuti maphukusi otchipa a WhatsApp ndi Facebook okha sagwira pa Netflix. Kugula timaphukusi tating'ono tsiku ndi tsiku nthawi zambiri kumadula kuposa limodzi lalikulu. Inu okhala kufupi ndi malire, ku Calómuè, ku Tsangano kapena ku Zóbuè, chenjerani ndi foni imene imalumphira yokha pa netiweki ya ku Malawi. Zimitsani roaming ya data, apo ayi ndalama zidzapita osadziwa kumene zalowera.

Simukakamizidwa kulipira chaka chonse. Netflix imalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo mukailetsa mumapitiriza kuonera mpaka tsiku limene mwezi wolipiridwawo ukutha. Mabanja ambiri amene ndimawathandiza amalipira miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi pamene zokolola zalowa ndipo anthu amalowa m'nyumba msanga, n'kuimitsa nthawi ya dzinja pamene ntchito ya kumunda yachuluka ndipo ana ali pa mayeso. Lembani masewero awiri kapena atatu amene mukufuna, lipirani, onerani, imitsani. Pali mtengo wotsika wa foni yokha, koma umenewo sugwira pa TV, ndiye muuzane ndi achimwene anu kuti analipira uti. Dziwaninso kuti kuyambira 2023 kampaniyi imaletsa akaunti imodzi kugwiritsidwa ntchito m'nyumba ziwiri zosiyana, choncho ngati iwo akuonera pa TV ku Moatize inu pa TV ku Ulongwe, tsiku lina mukhoza kupeza uthenga wokufunsani kuti nyumba yeniyeni ndi iti.

Pa WhatsApp ndi Facebook mudzaona anthu akugulitsa "malo" pa akaunti motchipa, mungotumiza pa M-Pesa kapena e-Mola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndakumanapo ndi anthu ambiri amene pasiwedi inasinthidwa patangotha sabata, wogulitsa osayankhanso foni. Choopsa koposa ndi timapulogalamu tolonjeza masewero onse ulere, timene mumatiika kuchokera pa linki imene wina watumiza. Tina timapempha chilolezo chowerenga mauthenga anu, pa foni yomweyo imene mumasungira ndalama. Mamemori khadi a kumsika, kuphatikizapo mafilimu aja omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a ku Malawi, ndikudziwa chifukwa chake anthu amawakonda, amaseketsa ndipo agogo amamva zonse. Koma alibe chizindikiro cha zaka, nthawi zina magawo amasowa pakati, ndipo simudziwa china chimene chaikidwamo, choncho khadi yotere musaipereke kwa mwana musanaione.

Pali nthawi zina zofunika kupempha thandizo kwa ena. Chithunzi chikamaimaima ngakhale mwatsitsa mphamvu yake, vuto ndi netiweki, yesani foni ya kampani ina kapena kuiika pawindo musanaitane wokonza TV. Mukaona ndalama zikuchotsedwa ku khadi ya kubanki mutaletsa kale, kapena mukapeza mapulofayilo achilendo pa akaunti, sinthani pasiwedi tsiku lomwelo, tulutsani zipangizo zonse zolumikizidwa, ndipo mwini khadi apite ku banki yake. Uthenga uliwonse wonena kuti akaunti yatsekedwa ndipo mulembe nambala ya khadi pa linki, musauyankhe. Mwana akamayandikira kwambiri TV, kutsinzinira maso kapena kudandaula mutu akaonera, mupite naye kuchipatala akamuyeze maso, chifukwa nthawi zambiri TV imangoulula vuto limene linalipo kale ndipo likumuvutitsanso pa bolodi kusukulu. Wamng'ono akaona choopsa n'kuyamba kulota zoipa, masiku ochepa akumugoneka pafupi ndi kumufotokozera kuti zinali zongosewera amakwana, koma zikapitirira milungu ingapo, kapena wayambanso kukodza pogona, kaonaneni ndi achipatala. Ndipo wamkuluyo mukaona kuti akugona mochedwa ndi foni, magiredi akutsika, akudzipatula kapena akupsa mtima mukamulanda, musangothera pa kukalipa. Khalani naye pansi, funsani aphunzitsi ake mmene akuonekera m'kalasi, ndipo ngati akulankhula zotaya mtima kapena zodzipweteka, musadikire, pitani naye kuchipatala cha boma mukafunse amene amaona za maganizo.